Kodi anamwino angati ndiye okwanira? Mafunso ndi mayankho pa zipatala zing'onozing'ono za ku Lichinga ndi Niassa

Aliyense amene anakhalapo pa benchi la chipatala ku Lichinga kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka safunika kuuzidwa kuti ogwira ntchito ndi ochepa. Chovuta ndi kunena kuti akuchepa ndi angati, akuchepa pati, komanso a ntchito yanji. Pamenepo ndi pamene boma, anamwino ndi odwala amasiyana mawu.

Tikamati chipatala chaching'ono ku Niassa tikunena chiyani, ndipo mumapezeka ndani?

Ku Mozambique zipatala za boma zili m'magulu anayi. Pansi pali centro de saúde, kumene munthu amayambira akamva mutu kapena mwana akatentha thupi. Pamwamba pake pali zipatala za m'maboma, monga cha ku Cuamba. Kenako pali chipatala cha chigawo chonse, Hospital Provincial de Lichinga, ndipo matenda akakanika pamenepo wodwala amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha ku Nampula, mtunda woposa makilomita 600. Lamulo la unduna wa zaumoyo, MISAU, la chaka cha 2002 linagawa zipatala zing'onozing'onozi m'mitundu: kumidzi Tipo I ndi Tipo II, m'tauni A, B ndi C, ndipo mtundu uliwonse unapatsidwa mndandanda wa anthu oyenera kugwiramo ntchito.

Anthu amangoti "adokotala" kwa aliyense wovala gauni loyera, koma m'zipatala zambiri zakumidzi mulibe dokotala wa ku yunivesite. Amene amaona odwala ndi técnico de medicina geral kapena agente de medicina, anthu amene ku Malawi angafanane ndi clinical officer ndi medical assistant. Pali namwino wamba, pali woona za katemera ndi ukhondo, pali servente wokolopa ndi kunyamula odwala. Ndiye pali enfermeira de saúde materno-infantil, yemwe pantchito amangomutchula kuti ESMI: mzamba, woyeza amayi oyembekezera, wopereka njira zolera, ndiponso woona ana obadwa kwa amayi omwe ali ndi kachilombo ka HIV, zonsezo munthu mmodzi. Nkhani ya kuchuluka kwa ntchito ku Niassa kwenikweni ndi nkhani ya mayi ameneyu ndi mnzake técnico.

Nanga madokotala enieniwo ali kuti?

Ambiri ali m'mizinda, ndipo mizinda yake ndi yakutali. Kuchokera ku Lichinga kukafika ku Maputo pa msewu ndi makilomita oposa 2,000.

Vutoli ndi lakale. Dziko litalandira ufulu mu 1975, madokotala ambiri achipwitikizi ananyamuka, ndipo otsala sanakwane 100 m'dziko lonse. Pa 24 July chaka chomwecho boma la Samora Machel linatenga ntchito zonse zachipatala kuti zikhale m'manja mwa boma, n'kuyamba kumanga tizipatala takumidzi ndi kuphunzitsa anthu mwachangu. Nkhondo yapachiweniweni, yomwe inatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992, inagwetsa tizipatala tambiri ndi kuthamangitsa ogwira ntchito. Kwa zaka zambiri sukulu ya udokotala inali imodzi yokha, ya Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo. Lero zawonjezeka, ku Beira, ku Nampula ndi ku Tete, komabe madokotala m'dziko lonse akadali ochepa kwambiri. Bungwe la WHO mu 2006 linaika Mozambique ndi Malawi pa mndandanda wa mayiko 57 omwe ali pa vuto lalikulu la kuchepa kwa ogwira ntchito zachipatala, ndipo mu 2016 linati dziko lofuna kufikira anthu ake onse liyenera kukhala ndi madokotala, anamwino ndi azamba 4.45 pa anthu 1,000 alionse. Mayiko awiriwa ali kutali ndi chiwerengero chimenecho.

Mozambique sinakhale pansi kudikira madokotala. Mu 1984 inayamba kuphunzitsa ma técnico de cirurgia, anthu osakhala madokotala koma odziwa kuchita opaleshoni. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2007 anapeza kuti m'zipatala za m'maboma, maopaleshoni akuluakulu 92 mwa 100 alionse a amayi oyembekezera ankachitidwa ndi anthu amenewa. Anapezanso kuti patatha zaka zisanu ndi ziwiri, 88 mwa 100 alionse anali akadali kumidzi kumene anatumizidwa, pamene madokotala onse omwe anatumizidwa ku zipatala zotere anali atachoka. Wina akamafunsa za madokotala okha, ndiye kuti akuwerenga gulu lochepetsetsa n'kusiya amene akusenza mtolo.

Bwanji osangowerenga anthu a m'dera n'kugawa anamwino molingana ndi chiwerengerocho?

Ndi momwe ambiri amachitira, chifukwa ndi kosavuta. Koma ku Niassa njirayi imasocheretsa. Chigawochi ndi chachikulu kuposa zigawo zonse za Mozambique, masikweya kilomita pafupifupi 129,000, kuposa dziko lonse la Malawi, koma kalembera wa 2017 anapeza anthu pafupifupi 1.8 miliyoni okha. Ndiye kuti anthu 14 pa sikweya kilomita, pamene ku Malawi kalembera wa 2018 anapeza 186. Anthu 10,000 a m'makwalala a Lichinga akhoza kufika pa chipatala chimodzi wapansi. Anthu 10,000 a ku Mecula kapena ku Mavago amwazikana m'midzi yotalikirana, ina mkati mwa nkhalango yosungirako nyama, ndipo kuti ana awo alandire katemera pamafunika gulu loyendayenda, brigada móvel, lomwe limachotsa ogwira ntchito pa chipatala tsiku lathunthu.

Njira ina ndi yotsata mtundu wa chipatala: Tipo II ipatsidwe anthu akutiakuti, basi. Vuto lake ndi lakuti zipatala ziwiri za mtundu umodzi sizilandira odwala ofanana. China chili pa msewu wa Lichinga ndi Cuamba, pafupi ndi msika, ndipo chimadzaza tsiku lililonse. China chili kumathero a msewu wafumbi ndipo pofika 11 koloko benchi lilibe munthu. Papepala zonse ndi zokwanira, kapena zonse ndi zoperewera mofanana. Anamwino a pa chipatala choyamba amadziwa kuti si zoona.

Ndiye pali njira yowerengera ntchito yeniyeni?

Ilipo. WHO inatulutsa njira yotchedwa WISN mu 1998, n'kuikonzanso mu 2010. Maganizo ake ndi osavuta: usawerenge mitu ya anthu a m'dera, werenga nthawi. Choyamba upeze maola amene wogwira ntchito mmodzi alidi pa ntchito m'chaka. Chachiwiri ulembe ntchito zonse zimene amagwira. Chachitatu akatswiri a ntchitoyo agwirizane kuti ntchito iliyonse, itagwiridwa bwino ndi munthu wodziwa, imatenga mphindi zingati. Chachinayi utsegule mabuku a kaundula a chipatalacho uone kuti chaka chatha ntchito iliyonse inachitika kangati. Ukachulukitsa ndi kugawa, umapeza chiwerengero cha anthu ofunika. Ukagawa amene alipo ndi amene akufunika, yankho likakhala 1 zinthu zili bwino; likatsika pansi pa 1, anthu akupanikizika; likakwera, pali ena omwe angathandize kwina.

Tingaone chitsanzo?

Tiyerekeze, ndipo manambala awa ndi ongophunzitsira, si a chipatala chilichonse.

Wogwira ntchito m'boma ku Mozambique amagwira maola 40 pa sabata. Pa chaka pali masiku 260 a Lolemba mpaka Lachisanu. Tichotsepo maholide 9 a dziko, tchuthi chake cha pachaka, masiku odwala, a maliro ndi a maphunziro amene amaitanidwa ku boma kapena ku Lichinga. Tinene kuti atsala masiku 210. Kuchulukitsa ndi maola 8, tipeza maola 1,680. Koma si onse amene amakhala ndi wodwala patsogolo pake: pali kulemba malipoti a pamwezi, misonkhano, kuwerenga mankhwala, kuphunzitsa amayi m'mawa sikelo isanayambe. Zimenezo zikadya magawo 15 pa 100, atsala ndi maola 1,428.

Tsopano ntchito ya ESMI pa chipatala chathu choyerekezacho. Amayi oyembekezera anabwera kusikelo maulendo 4,000, ndipo tikapatsa ulendo uliwonse mphindi 20 ndi maola 1,333. Amayi 600 anachilira pomwepo, tiike maola 4 a namwino pa mayi aliyense, ndi maola 2,400. Zakulera maulendo 3,000 a mphindi 10, maola 500. Kuona amayi ndi makanda atachira, maulendo 1,200 a mphindi 15, maola 300. Zonse pamodzi ndi maola 4,533. Kugawa ndi 1,428, yankho ndi 3.2. Pakufunika anamwino atatu, ndipo ngakhale atatuwo ntchito iwatsalirako pang'ono. Ngati alipo awiri, muyeso wa WISN ndi 0.63.

Wina anganene kuti mphindi 20 pa mayi mmodzi zachuluka. Akhale pakona ya chipindacho aone. Mayi amakwera pa sikelo, namwino amamuyeza kuthamanga kwa magazi, amamugoneka n'kuyeza mimba ndi tepi, amamvetsera mtima wa mwana, amamubaya chala kuti ayeze HIV ndi chindoko n'kudikira zotsatira, amamupatsa Fansidar kuti amwe iye akuona, mapiritsi owonjezera magazi, neti ngati ndi ulendo woyamba, jakisoni wa kafumbata. Kenako amalemba zonsezo m'kabuku ka mayiyo, n'kuzilembanso m'buku lalikulu la kaundula, lotambalala ngati tebulo lomwe, mzere ndi mzere. Ali mkati molemba, servente amagogoda: pabwera njinga yamoto ndi mayi amene matenda ayamba kale. Namwino amatseka buku. Amayi makumi atatu a pa benchi, atafunda zitenje ziwiriziwiri chifukwa cha chisanu cha June, adikira mpaka mwana abadwe.

Nanga usiku zimawerengedwa bwanji?

Apa ndi pamene masamu amaopsa. Chaka chili ndi maola 8,760. Ngati mukufuna kuti m'chipinda chochilira mukhale namwino mmodzi usana ndi usiku, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, gawani 8,760 ndi 1,680. Mupeza anthu oposa asanu, pa mpando umodzi wokha. Chipatala chokhala ndi ESMI mmodzi kapena awiri chimene chimati chimachilitsa usiku wonse chikutanthauza kuti wina akugona ndi foni kumutu kwa bedi, akudzutsidwa 2 koloko usiku, ndipo 7:30 m'mawa ali kale pa sikelo. Mmodzi mwa awiriwo akapita ku tchuthi cha uchembere, chomwe kwa ogwira ntchito m'boma ndi masiku 90, mnzake amatsala yekha miyezi itatu.

Pa chipatala cha kutali chokhala ndi odwala ochepa, WISN ikhoza kunena kuti ntchito yake ndi ya theka la munthu. Koma theka la namwino kulibe, ndipo namwino mmodzi sangakhale maso chaka chonse. N'chifukwa chake ku Niassa njirayi payokha siikwanira. Pamafunikanso chiwerengero chochepetsetsa chimene chipatala chilichonse chiyenera kukhala nacho kuti chitseko chisatsekedwe, kaya kubwere odwala ambiri kapena ochepa.

Kodi manambala amenewa sanganame?

Akhoza, ndipo m'njira zingapo.

WISN imawerenga okhawo amene anafika n'kulembedwa m'buku. Mayi wa kumudzi amene anachilira kunyumba chifukwa mtsinje unasefukira sali m'buku. Bambo amene anaona mzere n'kubwerera kukagula Panado pa msika salimo. Ndiye dera losowa kwambiri likhoza kuoneka ngati lopanda ntchito, n'kulandidwa ngakhale namwino amene linali naye. Ili ndiye dzenje lalikulu la njirayi kwa chigawo chotambalala ngati Niassa, ndipo woigwiritsa ntchito osalidziwa akhoza kuwononga kuposa kukonza.

Chachiwiri, buku limalembedwa ndi munthu wotopa yemweyo. Tsiku likapanikiza, chimene chimatsalira ndi kulemba, ndipo ntchito yosalembedwa imaoneka ngati sinachitike. Manambala amenewa ndi omwe amakalowa mu kompyuta ya unduna, m'dongosolo lotchedwa SIS-MA, n'kukhala maziko a mapulani.

Chachitatu ndi nyengo. Chiwerengero cha pachaka chimasalaza zonse, koma malungo sabwera mofanana mwezi ndi mwezi. Mvula ikagwa, ana otentha thupi amachuluka nthawi imodzi ndi otsegula m'mimba, pomwe misewu yafumbi yaterera ndipo ambulasi ikukanika kufika. Mliri nawo sulembedwa pa pulani. Kolera yomwe inabuka m'boma la Lago mu September 2022 inafika ku Lichinga n'kufalikira m'zigawo zina, nthawi imene Malawi nayenso anali pa mliri woopsa wa matenda omwewo. Anamwino ogwira m'mahema a odwala kolera sanachoke kumwamba. Anachotsedwa ku sikelo, ku katemera ndi m'mawodi.

Palinso nkhani ya malire. Anthu a ku Cobué amawoloka pa bwato kupita ku chipatala cha St Peter's pa chilumba cha Likoma, ndipo a ku Mandimba ali pafupi ndi Chiponde ndi zipatala za m'boma la Mangochi. Chinenero ndi chimodzi, abale ali mbali zonse. Wowerenga ndi kalembera amaika anthu amenewa ku Niassa, koma ntchito yawo ina ili m'mabuku a ku Malawi. Apa kuwerenga ntchito kumaposa kuwerenga anthu, chifukwa buku la chipatala limalemba aliyense amene wathandizidwa.

Kodi ntchito ingachepe popanda kulemba anamwino ena?

Ingachepe ndithu, ndipo chitsanzo chabwino chinachokera pafupi pomwepa. Mu 2008 ku Tete, bungwe la Médecins Sans Frontières pamodzi ndi akuluakulu a zaumoyo a m'chigawocho anayambitsa timagulu ta anthu omwa ma ARV, tosapitirira anthu asanu ndi mmodzi, pomwe mmodzi amapita ku chipatala kukatengera anzake onse mankhwala, mosinthanasinthana. Timaguluti, totchedwa GAAC, tinavomerezedwa ndi unduna n'kufalikira m'dziko lonse. Pambuyo pake kunabwera kupereka mankhwala a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi kwa amene akumwa mokhulupirika. Munthu amene ankabwera maulendo 12 pa chaka akamabwera 4 kapena 2, mphindi zopulumutsidwazo zimapita kwa wodwala kwambiri.

Palinso ma agente polivalente elementar, APE mwachidule, anthu osankhidwa ndi mudzi omwe amaphunzitsidwa miyezi ingapo n'kumayeza malungo, kupereka Coartem, kuthandiza ana a chibayo ndi otsegula m'mimba. Ku Malawi anzawo ndi alangizi a zaumoyo, kungoti alangizi ali pa malipiro a boma pomwe APE kwa zaka zambiri wakhala akulandira kandalama kochepa, kawirikawiri kochokera kwa opereka thandizo. Ntchitoyi inayamba mu 1978, inafooka m'nthawi ya nkhondo, ndipo inadzutsidwanso mu 2010.

Koma pali chinthu chimene chimabisika. Ntchito zambiri zimene zinachotsedwa pamsana pa namwino, monga uphungu wa HIV, kulondola osiya mankhwala ndi kulowetsa manambala mu kompyuta, zinapatsidwa kwa anthu olipidwa ndi mabungwe akunja. Boma la America litaimitsa thandizo lake kumayambiriro kwa 2025, ambiri mwa anthu otere anakhala pansi. Odwala sanachepe. Ntchitoyo inangobwerera kwa amene anatsala pa chipatala, ndipo kuwerengera kulikonse komwe kunachitika kale kunafunika kuyambiranso.

Ngati kuchepa kukudziwika, bwanji boma silingolemba anthu?

Chifukwa kuwerenga ndi kwina, kulipira ndi kwina. Unduna wa zaumoyo ukhoza kunena kuti pakufunika anamwino angapo, koma malo atsopano a ntchito amadalira ndalama za malipiro zimene unduna wa zachuma wavomereza. Chiyambire 2016, pomwe ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni zinaululika ndipo IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa ndalama zawo, thumba la boma lakhala lolimba. Zotsatira zake ndi zodabwitsa: achinyamata omaliza maphunziro a unamwino ali pakhomo kudikira kuitanidwa, pamene chipatala cha m'dera lawo lomwe chili ndi namwino mmodzi.

Amene ali kale pa ntchito nawonso ali ndi madandaulo. Madokotala, kudzera m'bungwe lawo la Associação Médica de Moçambique, ananyanyala ntchito mu 2013, komanso mu December 2022 ndi mu 2023 potsutsa momwe ndondomeko yatsopano ya malipiro, Tabela Salarial Única, inawakhudzira. Anamwino ndi ma técnico, kudzera m'bungwe la APSUSM, nawonso anachita sitalaka mu 2023 ndi 2024, ndipo mwa zimene ankatchula panali ndalama za maola owonjezera zosalipidwa ndi kusowa kwa zipangizo monga magolovesi ndi mankhwala. Maola owonjezerawo ndi umboni wa nkhani yathuyi. Pamene masamu akuti pafunika atatu koma alipo awiri, ntchito ya wachitatu siisowa ayi. Imagwiridwa usiku ndi Loweruka, kapena imafupikitsidwa, mphindi 20 n'kukhala 5.

Ndiye pali kusunga munthu kumene watumizidwa. Mtsikana wobadwira ku Beira akatumizidwa ku Nipepe, kopanda nyumba yabwino, mwamuna wake ali kutali, amayamba kulemba makalata opempha kusamutsidwa asanamasule n'komwe katundu. Sindimuona wolakwa. Chimene mayiko ambiri apeza ndi chakuti wophunzira wochokera kumudzi, wophunzitsidwa pafupi ndi kwawo, ndi amene amakhalitsa kumudzi, ndipo ku Niassa ali ndi mwayi wina: amalankhula Chiyao, Chinyanja kapena Chimakua, kotero gogo safunika womasulira kuti afotokoze pamene pakupweteka. Malawi anayesa njira ya ndalama pa ndondomeko yake yapadera yoyamba mu 2004, yomwe inawonjezera magawo 52 pa 100 pa malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi kukulitsa masukulu awo. Chiwerengero chinakwera, koma ndalama zake zambiri zinali za opereka thandizo.

Nanga mfumu, mtsogoleri wa mpingo kapena membala wa komiti ya chipatala angachitepo chiyani?

Zipatala za ku Mozambique zili ndi komiti zoyendetsera limodzi, comité de co-gestão, momwe mumakhala anthu a m'dera. Kawirikawiri madandaulo a m'komitimo amakhala akuti namwino ndi waukali, amachedwa kutsegula, kapena ankafuna kangachepe. Madandaulo amenewo ndi oyenera kumvedwa, ndipo kutopa sikupatsa munthu chilolezo chonyoza mayi amene ali pa ululu kapena kumulipiritsa. Koma komiti yongothera pamenepo imasinthitsa munthu n'kusiya vuto.

Mafunso olemera ndi ena. Mwezi wathawu pa chipatala pano pachilira amayi angati, ndipo azamba alipo angati? Amene ali pa mndandanda wa malipiro a chipatala chino, onse alipodi, kapena wina ali kusukulu ndipo wina anabwerekedwa ku boma? Namwino wa usiku amapuma liti? Ndi midzi iti imene anthu ake sapezeka m'buku la sikelo, ndipo brigada móvel inapitako liti komaliza? Mayankho ake ali m'mabuku a pa chipatala pomwepo, ndipo komiti ikhoza kuwalemba pa pepala limodzi n'kupita nalo ku ofesi ya zaumoyo ya boma lawo. Mkulu wa zaumoyo amene ali ndi malo atatu okha atsopano ndi zipatala khumi zopempha amafunika chifukwa chosankhira chimodzi, ndipo pepala lonena kuti amayi 50 pa mwezi akuchilira m'manja mwa mzamba mmodzi limamupatsa chifukwacho.